Siginecha imodzi, atate asintha

Mu komboni, bambo wopeza nthawi zambiri alibe pepala lililonse. Agula unga, alipira lendi, apita ku sukulu kukatenga ripoti, koma pa lamulo ni mlendo chabe kwa mwana uja. Ine ndinakulira m'nyumba yotero ku Matero. Ba tate amene anandilera kuyambira giledi 2 sanali ondibala, ndipo palibe anaganizapo za khoti. Atamwalira, abale awo anandiloza ati, "Uyu si wathu."

Lamulo linali kumbali yawo. Intestate Succession Act ya 1989 imati munthu akafa osasiya wilo, ana atenga 50 peresenti ya chuma, mkazi kapena mwamuna wake 20, makolo 20, omudalira 10. Mwana amene anatengedwa mwa adoption awerengedwa ngati wobala. Mwana wopeza ayi. Akachita mwayi alowa pa 10 ija.

Manje nkhaniyi yafika kwa ba sisi anga. Ba mulamu afuna kutenga mwana wa ba sisi, mnyamata wa zaka 9, akhale wawo pa lamulo. Sikuti ni kusintha chabe dzina mu rejisita ya ku sukulu monga ambiri amachitira. Zimadutsa ku Social Welfare ndi ku khoti, pansi pa Children's Code Act ya 2022 imene inalowa m'malo mwa Adoption Act yakale, ndipo bambo womubala amafunsidwa ngati avomera.

Bambo uja, amene zaka zonsezi amatuma K200 akakumbuka, kenaka foni yazima miyezi itatu, anavomera tsiku lomwelo. Anali atamva kale kuti khoti ikapereka oda ya adoption, ufulu wake pa mwana umatha, ndipo udindo wa maintenance umathera pomwepo.

Ba sisi zinawawawa. "Apulumuke chabe so?" Nawamvetsa. Mwamuna uja akutaya mwana monga atula thumba la malasha, ndipo akumwetulira. Koma ndalama imene ba sisi akulira ni ndalama imene sanaigwirepo. Kwa imwe amene tate wa mwana amalipira mwezi ndi mwezi, masamu ake ni ena, muwerenge bwino musanathamange.

Amene wanyamula katundu weniweni ni ba mulamu. Chikwati chingathe, tonse tiziona mu Lusaka muno, koma adoption sikutha pamodzi ndi chikwati. Akasiyana ndi ba sisi mawa, mnyamata uja akhalabe mwana wawo, ndipo ba sisi angawatengere ku khoti kufuna maintenance monga tate wina aliyense. Ndinawafunsa ngati akudziwa zimenezi. Anangoti, "Mulamu, nanga kale ndani amalipira?"

Ine nili kumbali yawo, olo kuti zikupatsa mpumulo munthu amene sauyenera.

Chimene chikundivuta ni ambuye ake a mwana, mayi wa bambo uja, amene akhala ku Chawama. Iwo sanamutayepo mdzukulu. Amabwera ndi nshawa ndi kandolo, Khisimasi iliyonse amamusokera malaya. Palibe anawafunsa, ndipo pa fomu palibe malo a dzina lawo. Ba sisi anawauza kuti geti ni yotsegula monga kale. Agogowo anafunsa chinthu chimodzi chabe: ngati mwana adzapitiliza kuwaitana ambuya.