Za Ana a Anthu Ogwira Ntchito ku Lilongwe

Masiku ano n'kovuta kupeza mudzi umene ulibe mwana wake ku Lilongwe. Ena ali makalaliki ku Capital Hill, ena anamwino, ena asankha fodya ku Kanengo, ndipo ena agulitsa tomato ndi kaunjika mumsika wa ku Old Town. Ndalama zimene atumiza kumudzi ndizo tigulira feteleza ndi malata, ndipo tiziyamika. Koma pali funso limene sitifunsa kawirikawiri polandira ndalamazo: pamene bambo ndi mayi onse awiri ali kuntchito kuyambira m'mawa kufikira dzuwa litapendeka, khanda lawo litsala ndi yani? Mwezi uno tifuna kukamba nanu za mlandu umenewu, pakuti ngakhale uoneka ngati wa anthu a m'tauni, mizu yake ili kwathu konkuno.

Kumudzi kuno ntchito ndi mwana sizilekana. Mayi apita kumunda atabereka khanda kumbuyo. Likalira, atula khasu, akhala pamthunzi, naliyamwitsa. Mwana akayamba kuyenda, pali agogo ake, azakhali ake ndi amayi ake aang'ono, ndipo pabwalo sipasowa maso a munthu wamkulu. Makolo athu ananena kuti mwana wa mnzako ndi wako yemwe, ndipo anachitadi monga ananenera. Koma ntchito ya malipiro ili ndi mwambo wina. Ofesi ilandira manja ndi mutu wa mayi, koma mbereko yake iikana.

Tsono taonani mamangidwe a mzinda womwewo. Lilongwe anakhala likulu la dziko m'chaka cha 1975, boma litasamuka ku Zomba, ndipo amene anaulinganiza anaumwaza kwambiri. Old Town, kumene kuli msika waukulu ndi chipatala cha Bwaila, ili payokha. City Centre ndi Capital Hill, kumene kuli maofesi a boma ndi mabanki, zili chakumpoto, ndipo pakati pake pali nkhalango. Nyumba zazikulu za mipanda zili ku Area 3, Area 9, Area 10, Area 12, Area 43 ndi Area 47, koma unyinji wa antchito ugona ku Area 25, Area 23, Area 36, Chinsapo ndi madera ena otere. Pa kalembera wa 2018 anapeza anthu 989,318 mumzindawo. Ambiri a iwo anachokera kwina, nasiya agogo ndi azakhali kumudzi. Motero mayi woti akayambe ntchito 7:30 m'mawa atuluka m'nyumba kusanayere bwino, nabwerera kutada, ndipo woyandikana naye nyumba kapena samdziwa n'komwe.

Lamulo la dziko silinakhale chete pa zimenezi. Lamulo la ntchito la chaka cha 2000 lipatsa mayi wobereka tchuthi chosachepera masabata 8, ndi malipiro ake onse, kamodzi pa zaka 3 zilizonse. Ogwira ntchito m'boma apatsidwa masiku 90. M'chaka cha 2021 Nyumba ya Malamulo inaonjezapo kuti bambo naye apume masabata 2 mwana akabadwa, ndi kuti mayi apatsidwe theka la ola kawiri pa tsiku kuti ayamwitse, kufikira mwana atakwana miyezi 6. Izi nzabwino, ndipo yense wolembedwa ntchito ayenera kuzidziwa. Koma tiyeni tiwerenge pamodzi. Achipatala atiphunzitsa kuti khanda liyamwe bere lokha miyezi 6, ndiye kuti masabata 26. Tchuthi chikatha pa masabata 8, patsala masabata 18 amene mayi ali kuntchito koma mwana akali wa bere lokha. Bungwe la ntchito la dziko lonse, la ILO, linapempha maiko m'chaka cha 2000 kuti tchuthi chisachepere masabata 14, ndipo angakhale amenewo safika pa miyezi 6. Nanga theka la ola lija lithandiza chiyani ngati mayi ali ku Capital Hill, mwana ali ku Area 25? Lithera pasiteji, minibasi isanadzaze. Lamulo lapatsa mayi nthawi, koma silikakamiza wolemba ntchito kupereka malo amene mwana angakhale pafupi. Ndipo mayi wa mumsika, amene sanalembedwe ndi munthu aliyense, alibe tchuthi ngakhale cha tsiku limodzi.

Mpata umene lamulo lasiya, autseka ndani? Kawirikawiri ndi mtsikana wochokera kumudzi kwathu. Ife amene tiyenda m'midzi pa ntchito yathu yophunzitsa taona atsikana ambiri akuzimirira m'makalasi, ndipo tikafunsa atiyankha kuti anamtenga achibale a ku Lilongwe kuti akamphunzitse sukulu. Ena aphunziradi, ndipo achibale otero tiwathokoza. Koma ena akafika apeza kuti sukulu yake ndi matewera ndi mbaula. Mwana wa zaka 13 asiyidwa ndi khanda la miyezi 2 tsiku lonse, chipata chitatsekedwa. Khanda likatentha thupi sadziwa chochita, ndipo phala likatayikira pa mwana mlandu ukhala wake.

Kunyumba zazikulu kumene malipiro alipo, mlezi akhala mayi wamkulu, woyenda pansi m'mawa kuchokera ku Mtandire kunka ku Area 47, kapena kuchokera ku Kauma kunka ku Area 12. Iyeyo alera bwino mwana wa abwana, koma ake awasiya ndi mkulu wawo wa zaka 9, amene tsiku limenelo sapita kusukulu. Njira ina ndiyo kuletsa mwana kuyamwa msanga ndi kumtumiza kwa agogo ake kumudzi. Ina ndiyo sukulu za ana zolipira, zimene zachuluka mumzinda. Koma zabwino zake nzokwera mtengo, ndipo zambiri ziweruka makolo akali kuntchito. Mwa njira zonsezi katundu sachoka, angotsika kuchoka pa phewa la wolemera kunka pa phewa la wosauka, kufikira atagwera pa mwana.

Ndipo ngakhale banja limene lili ndi mlezi wabwino lili ndi tsiku lake la tsoka. Chaka chatha tinagona masiku angapo kwa mwana wa mlongo wathu, amene ali kalaliki pa kampani ina ku City Centre, mwamuna wake ali dalaivala wa maulendo aatali. Usiku wina mlezi wawo analandira uthenga wa maliro a bambo ake, nanyamuka m'bandakucha, monga aliyense wa ife akadachitira. Mayi uja anagogoda nyumba zitatu, koma onse anali kukonzeka kupita kuntchito. Potsiriza anaima pakhomo, khanda m'manja, nati: "Malume, ndichite bwanji? Ndikajomba andidula malipiro, ndipo mwezi watha ndinajomba kale mwana atadwala." Tsiku limenelo ndife tinakhala mlezi, ndi kapu ya mkaka umene anakama asanachoke. Khanda linalira kufikira masana, ndipo mayi wake, monga anatiuza madzulo, anakhala pa desiki thupi lokha. Kampani inalipira tsiku lathunthu, koma inalandira ntchito ya munthu amene mtima wake unali kwina. Nanga malume akadapanda kukhalapo?

Vuto ili si la Amalawi okha, ndiponso si lachilendo. M'chaka cha 1816 Robert Owen, amene anayang'anira fakitale ya nsalu ku New Lanark m'dziko la Scotland, anatsegula sukulu ya ana aang'ono a antchito ake pafupi ndi fakitaleyo. M'chaka cha 1844 Firmin Marbeau anatsegula ku Paris nyumba yosungiramo makanda a amayi osauka opita kuntchito, naitcha crèche, ndilo liwu la Chifalansa lotanthauza chodyeramo ziweto, pokumbukira mogona Mwana uja wa ku Betelehemu. M'masiku athu ano, dziko la India linalamula m'chaka cha 2017 kuti malo antchito okhala ndi anthu 50 kapena kuposa akhale ndi nyumba yotere, ndi kuti mayi aloledwe kukaona mwana wake kanayi pa tsiku. Chaka chomwecho dziko la Kenya linalamula olemba ntchito kupatula chipinda cha amayi oyamwitsa. Pali phunziro linanso lochokera ku Chile. Kumeneko lamulo linawerenga akazi okha, kuti wolemba akazi 20 apereke malo a makanda, ndipo kunaoneka kuti olemba ntchito ena anaima pa akazi 19. Chifukwa chake nkwabwino kuwerenga antchito onse, pakuti mwana ali ndi bambo wakenso. Ndipo ku America ndi ku Britain makampani ena apangana ndi nyumba zolerera ana, kuti wantchito aliyense akhale ndi masiku owerengeka pa chaka okasiyako mwana wake mlezi akadwala kapena akachoka mwadzidzidzi.

Wina adzati: zimenezo nza maiko olemera. Iyayi, abale, chitsanzo chili pakhomo pathu pomwe. Kodi sukulu za mkombaphala anazimanga ndani? Boma linalemba ndondomeko ya mmera mpoyamba m'chaka cha 2003, koma amene aumba njerwa, asonkha chimanga ndi nkhuni, naphika phala, ndinu anthu a m'midzi, ndipo alezi ambiri agwira ntchitoyo mongodzipereka. Ngati mudzi wopanda banki utha kusunga ana ake pamodzi m'mawa uliwonse, kodi banki ilephera bwanji? Sipafunika nyumba yosanja. Pafunika chipinda choyera cholowa mphepo, mphasa, madzi abwino ndi sopo, chimbudzi, phala la Likuni la ana osiya bere, ndi amayi awiri kapena atatu ophunzitsidwa bwino ndi olipidwa pa mwezi. Ku Capital Hill maunduna ali pamalo amodzi, ndipo nyumba imodzi ingathandize onse. Maofesi aang'ono a ku City Centre angasonkherane, pakuti mutu umodzi susenza denga. Ku Kanengo ntchito ichuluka nyengo ya fodya, ndipo chipinda chingatsegulidwe nyengo yomweyo. Mumsika wa ku Old Town amayi alipira chiphaso tsiku ndi tsiku. Sikulakwa kupempha khonsolo kuti ipatule kona imodzi ya mthunzi ndi madzi, kuti ana asakwawe pakati pa matope ndi mawilibala.

Sitibisa kuti zovuta zilipo. Alezi afuna malipiro, ndipo nkoyenera kuti kholo liperekeko gawo monga mwa mphamvu yake. Ana akasonkhana, chifuwa ndi kutsekula m'mimba zifalikira msanga, kotero kuti mwana wodwala ayenera kupatulidwa, ndipo a zaumoyo aziyendera malowo. Kunyamula khanda m'minibasi yodzaza nyengo ya mvula si chinthu chapafupi, ndipo anamwino ndi alonda ogwira usiku afuna makonzedwe ena. Koma wolemba ntchito awerengenso mbali inayo: masiku ojomba, wantchito waluso amene asiya ntchito atabereka, ndi miyezi imene ipita pophunzitsa wina watsopano. Ndalama zimene aopa kutulutsa ali kuzitaya kale mosaziona.

Tsono ife a kumudzi, gawo lathu n'lotani? Choyamba, tisapereke mwana wa sukulu kuti akakhale mlezi. Sukulu ya pulayimale inakhala yaulere m'chaka cha 1994, ndipo kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko atcha mwana munthu aliyense wosakwana zaka 18. Wachibale akati akamphunzitsa, funsani dzina la sukulu, ndipo pakutha pa teremu muone lipoti lake ndi maso anu. Chachiwiri, ngati wopitayo ali wamkulu, panganani poyera pamaso pa mboni za malipiro ake, tsiku lake lopuma ndi njira yolankhulirana naye, ndipo malipirowo azilandira yekha m'manja mwake. Chachitatu, inu agogo, akakubweretserani mdzukulu wosakwana miyezi 6, musafulumire kumlandira. Khalani pansi ndi makolo ake, mufune njira yoti asachoke pa bere. Wamkulupo mukamlandira, abwere ndi kabuku kake ka kusikelo, ndipo makolo asaiwale thandizo lake. Chachinayi, tileke kunyoza mpongozi wogwira ntchito kuti sakonda ana ake, pamene feteleza wa m'munda mwathu wagulidwa ndi thukuta lake.

Ndipo inu ana athu a mumzinda amene tsamba ili lidzakufikani: amene muli m'mabungwe a antchito, ikani nkhani iyi pa mndandanda wa zokambirana ndi mabwana, pambali pa nkhani ya malipiro. Amene muli mabwana, yambani ndi chipinda chimodzi. Amene muli ndi mlezi panyumba, mumfunse kuti ana ake atsala ndi yani, ndipo ngati n'kotheka mumlole kubwera ndi wamng'onoyo. A m'miphakati, dziwanani nyumba ndi nyumba, kuti mayi wogogoda m'mawa apeze khomo limodzi lotseguka.

Kambiranani zimenezi madzulo pabanja panu, ndipo muwerengere amene sadziwa kuwerenga.