Repu wopanda tomato

Pa 23 mwezi watha m'thumba munali mbee. Aphunzitsi anzanga mukudziwa zimenezi. M'nyumba munatsala repu, anyezi awiri, adyo ndi kachidutswa ka jinja. Tomato ayi, nsinjiro ayi. Ana anali atayamba kale kukwinya nkhope.

Ndinakumbukira zimene anandiuza mtsikana wina amene ndinamuphunzitsa Fomu 3, pano akugwira ntchito ku Addis Ababa. Akuti ku Ethiopia masamba otere amawatchula gomen ndipo ambiri sathiramo tomato. Amadyera injera, mkate wowawasa wa ufa wa teff. Amaphikira batala wa zokometsera wotchedwa niter kibbeh, koma Lachitatu ndi Lachisanu, pamene a mpingo wa Orthodox amasala nyama ndi mkaka, amathira mafuta wamba. Mafuta wambawo ndinali nawo.

Ntchito yagona pa anyezi. Ndinamukazinga pang'onopang'ono pamoto wochepa mpaka anafewa n'kuyamba kufiira. Kenaka adyo, jinja, mchere, masamba ndi madzi theka la kapu, n'kuvundikira mphindi 25. Mayi a m'nyumba anasuzumira kawiri.

"Kodi abambo, makalawo mugulanso ndinu?"

Sindinayankhe.

Pophula, ndiwo zinali zakuda, zosakoma m'maso, koma fungo lake linafika mpaka pakhonde. Mwana wamkulu anasusa mokayikira, kenaka anapempha zina. Mayi anangoti jinja wachuluka, uku akupala poto. Wamng'ono mpaka lero akuti ndinapsereza.