Galimoto yathu itayamba kunjenjemera

Ine ndi alamu anga, amuna a mlongo wanga wamkulu, tidasonkherana ndalama mu 2022 nkugula Toyota Hilux yakale ya zitseko zinayi. Pangano lidali lakuti iwo azinyamulira mbatata ya kachewere kupita nayo ku Biriwiri, ine ndiziyendera Loweruka pokajambula mawu a pologalamu yanga ya pawailesi. Awerengi, misewu yathu ya kuno ku Tsangano mukuidziwa mvula ikagwa. Malole amakumba ngalande ziwiri, pakati nkutsala mtumbira, ndipo galimoto yathu inkakhula mimba pamtumbirapo mpaka ife mtima kuwawa.

Tsono mu Novembala 2023 tidamvera anzathu amene adati tiikweze. Pagalaja ina anyamata adaonjezera masipuling'i, galimoto nkukwera masentimita 5. Idaoneka bwino zedi, sindibisa, ndipo tsiku limenelo ndidadutsa pamsika kawiri popanda choti ndigule.

Mawa lake ndili ndekha pamsewu wa phula wopita ku Ulongwe, ndidamva mpando ukunthunthumira. Ponyamuka galimoto inkayamba yagwedezeka ngati munthu wa malungo, kenaka nkukhala bata, koma ikafika liwiro la 60 kapena 70 kalilole wa m'kati ankanjenjemera mpaka osaona za m'mbuyo. Nditawauza alamu adakana. Iwo adali atapita ndi matumba khumi dzulo lake ndipo sadamve kanthu. Zitachitika kachitatu adandiitanira kuseri nkunena motsitsa mawu kuti, "Alamu, inu mumalankhula pawailesi, adani muli nawo. Chinthuchi chikusankha munthu. Bwanji chikugwedeza inu nokha?"

Ndidaseka, koma usiku tulo sindidatione.

Ndalama tidataya, ndipo ndinena kuti ena asataye. Tidatsuka matope ouma m'malimu, poti matope amalemeretsa tayala mbali imodzi. Sizidathandize. Tidapita kukalinganiza matayala pamakina. Sizidathandize. Pomaliza tidagula matayala awiri atsopano, mtengo wa mbuzi zingapo, ndipo galimoto idanjenjemera chimodzimodzi pa matayala atsopanowo. Mlongo wanga adaleka kutilankhula masiku awiri.

Amene adatipulumutsa ndi madala ena amene adagwirapo ntchito yokonza malole ku Tete. Iwo sadagwire sipanala. Adati, "A pawailesi, khalani apo muyendetse, ine ndimvetsere. Kuona maso a nkhono nkudekha." Tili pamsewu adandifunsa kumene ndikumva kunjenjemerako, m'manja kapena pampando. Ndidati pampando. Adati matayala akutsogolo akalakwa, chiwongolero ndicho chimavina m'manja, ndipo changa chidali phee. Atatero adandiuza kuti pa liwiro la 70 ndiike giya pa fili. Injini idatsika mawu koma kunjenjemera sikudatheretu, kusonyeza kuti injini ilibe mlandu. Kenaka adati ndiponde moto ndi kusiya, ndiponde ndi kusiya. Ndikaponda kunkakula, ndikasiya kunkachepa. "Tayala silidziwa kuti mwaponda moto," adatero madalawo. "Ilo likalakwa limagwedeza pa liwiro lakelo basi. Uyu ndi shafti."

Kwa amene simudasuzumireko kunsi kwa galimoto, shafti ndi chitsulo chachitali ngati musi chimene chimatenga mphamvu kuchokera ku giyabokosi kupita ku difu, chibumphu chija chili pakati pa matayala akumbuyo. Pa galimoto ngati yathu shafti imazungulira pafupifupi kanayi tayala likazungulira kamodzi, nchifukwa chake kunjenjemera kwake kumakhala kwa msangamsanga, kosiyana ndi kudumpha kwa tayala. M'mapindiro ake muli timitanda tachitsulo timene amakaniko athu amati cruzeta.

Apa ndi pamene padagona nkhani. Kamtanda kameneka kakagwira ntchito kali kopendekeka, sikapereka liwiro mofanana. Pa kuzungulira kumodzi kamafulumira kawiri ndi kuchedwa kawiri, monga munthu wotsimphina. Zimenezi adazizindikira kale Mngelezi wina dzina lake Robert Hooke m'zaka za m'ma 1600, galimoto kulibe. Opanga galimoto amathetsa vutoli polinganiza timitandato kuti kamodzi kakafulumira kanzake kabweze. Zili ngati amayi awiri osinja mumtondo umodzi: wina akakweza musi, mnzake atsitsa. Koma kuti zitheke, timitanda tiyenera kupendekeka mofanana, osasiyana koposa digiri imodzi, ndipo ndi bwino kupendekekako kukhale kochepa, madigiri atatu kapena kucheperapo. Ife pokweza galimoto tidakweza giyabokosi pamodzi ndi thupi, pamene difu idatsala pansi ndi matayala. Misi idayamba kugundana.

Ndipo za alamu zija zidayankhidwa pomwepo. Matumba khumi a mbatata ankatsitsa galimoto kubwerera pafupi ndi msinkhu wake wakale, shafti nkuwongoka. Ine ndinkayenda ndi kachikwama ka makina ojambulira mawu basi. Mfiti yake idali kupepuka kwanga.

Madalawo adalowa kunsi ndi mdzukulu wao, amene adagunditsa foni yake pa shafti kuyeza kupendekeka. Ine ndidadabwa kuti foni imatha zimenezo. Shafti ya Hilux yotere ili ndi zigawo ziwiri, ndipo pakati pake pali beringi yomangirira ku chasisi. Kamtanda ka paberingi kadapendekeka madigiri 6, ka kudifu madigiri 2. Adapezanso zina ziwiri. Shafti ili ndi malo pamene imalowana ndi mano kuti izitalika ndi kufupika galimoto ikamadumpha. Anyamata aja adaisolola pamenepo nkuibwezera mosemphanitsa mano, kotero mafoloko a mbali ziwiri sadayang'anane. Chinanso, kamtanda kamodzi kadauma kopanda girizi, kakutulutsa fumbi lofiira la dzimbiri, ndipo ataigwedeza ndi dzanja inkachita gwedegwede.

Ntchito yake idatha tsiku limodzi. Adasintha kamtandako, adabwezera mano m'malo mwake, adatsitsa beringi ya pakati poika kachitsulo kokhuthala sentimita imodzi, ndipo pakati pa masipuling'i ndi ekiselo adalowetsa tizitsulo topyapyala mbali imodzi kuti mphuno ya difu iyang'ane bwino. Zonse pamodzi sizidafike pa mtengo wa tayala limodzi.

Chimene chidandiopsa ndi chimene adanena tikusamba m'manja. Kamtanda kotha kamaduka. Kakaduka kakutsogolo galimoto ili pa liwiro, shafti imagwa nkuzika mutu pansi, ndipo ikhoza kunyamula kumbuyo kwa galimoto nkuigubuduza. Ndidakumbukira kuti sabata yomweyo ndidanyamula amayi asanu ndi ana awo pochokera ku Ntengo-wa-Mbalame. Ambiri a inu mulibe galimoto, koma mumakwera kumbuyo kwa mapikapu okwezedwa amenewa popita ku Furancungo kapena ku Ulongwe. Mukamva pansi pakunthunthumira m'mapazi pamsewu wosalala, makamaka dalaivala akaponda moto, muuzeni. Mwalipira ndalama zanu, ndipo iye kutsogoloko mwina wailesi yamutseka makutu. Ndikuvomera, ife a pawailesi tili ndi mbali yathu pamenepa.

Tsopano galimoto ikuyenda bwino, ngakhale ikakhala yopanda katundu imagwedeza pang'ono ponyamuka, ndipo pamakona ndimachepetsa liwiro chifukwa yokwezedwa imapendama msanga. Mvula ya mu Febuluwale 2024 itakumbanso misewu, ine ndi alamu tidalowa m'ngalande zija molimba mtima. Mimba ya galimoto idadutsa bwino. Kenaka tidamva khuu! kumbuyo. Tidatsika kukaona, ndipo idali difu itakhala pamtumbira, poti masipuling'i amakweza thupi lokha, difu imakwezedwa ndi matayala akuluakulu. Alamu adandiyang'ana, nkupita kukabwereka khasu pamudzi wapafupi.