Phazi likaiwala nthaka

Sabata ino ndabwera ndi nkhani ya kakolo.

Pali mawu amene athetsa mpira wa atsikana ambiri kuno kwathu, mawu omveka ngati otonthoza: "Aaa, wangobinya basi." Munthu akathyoka fupa timathamangira naye kuchipatala, amamuika chikhakha, abale n'kumabwera ndi nthochi kudzamuzonda. Koma akabinya timangothowa ndi madzi otentha, n'kumanga kansalu, pakatha masiku atatu tayamba kale kumunena kuti akudzikondera. Ululu ukatha timati wachira. Chonsecho phazi lija limakhala lisanabwerere mwakale. Limadzabinyanso, kenaka n'kubinyanso, mpaka mwini wake kuyamba kuliopa.

Ine ndimagulitsa nsapato za kaunjika mumsika, ndipo ndalama za pabenchi langalo ndi zimene zaphunzitsa mng'ono wanga. Ali ndi zaka 19, amasewera ntchemberembaye, malo ake ndi apakati paja pofunika kuthamanga bwalo lonse. Mayeso a Fomu 4 sanamuyendere bwino kwenikweni, koma mpira uli m'magazi. Nonse mukudziwa kuti matimu ena akuluakulu ndi a polisi, ena a asilikali, ndipo mtsikana akatengedwa kumeneko khomo la ntchito limatseguka. Ndiye kwa ife kakolo wake ndi nkhani ya tsogolo.

Chaka chatha anabinya kanayi, mwendo womwewo wakumanja. Katatu zinachitikira pabwalo. Kachinayi anangotsika pakhonde atasenza ndowa, phazi n'kupindikira kunja ngati la chidole. Aphunzitsi ake a mpira ankangoti mangani bandeji alowe, gemu ndi yofunika. Azakhali athu anafika n'kunena motsitsa mawu kuti alipo amene sakufuna mwanayu apite patsogolo. Ine ndinatseka benchi tsiku limodzi, tinapita kuchipatala. Atamujambula anati fupa lili bwinobwino, natitumiza kwa a mafizo.

Mayi wa mafizo uja sanayambe n'kusisita. Anamuuza kuti avule nsapato, aime ndi mwendo umodzi, atsinzine. Ndi mwendo wakumanzere anaima mpaka mayiyo kumuuza kuti zakwana. Ndi wakumanja sanafike masekondi 5, anayamba kugwedezeka ngati bango pamadzi. Anatsegula maso n'kundiyang'ana: "Achemwali, phazi langali sindikulimva pamene lili."

Zimene anatifotokozera mayiyo ndi izi. Kunja kwa kakolo kuli timinyewa titatu tomanga fupa ndi fupa. Phazi likapindikira mkati mwadzidzidzi, kamene kamayamba kutamuka kapena kung'ambika ndi kakutsogolo. Timinyewati si zingwe chabe. Mkati mwake ndi mozungulira muli timitsempha timene timatumiza uthenga ku ubongo nthawi zonse, kuuza kuti phazi lapendekera uku, nthaka yatsetsereka apa. N'chifukwa chake umatha kuyenda usiku panjira ya miyala osayang'ana pansi. Ukabinya, uthengawo umasokonekera. Phazi likamapendeka minofu imachedwa kuligwira, ndipo ikamadzadzuka zinthu zaonongeka kale. Bala limapola, koma phazi limatsala litaiwala nthaka. Mankhwala ake ndi kuliphunzitsanso: kuima ndi mwendo umodzi, kuima pathabwa logwedera, kudumpha n'kutera bwino, kangapo pa sabata kwa masabata 4 mpaka 6 kapena kupitirira.

Apa mpamene pagona vuto. Mafizo amenewa ndi otopetsa. Mtsikana wozolowera phokoso la pabwalo umuuze kuti aziima ngati kakowa kuseri kwa nyumba tsiku ndi tsiku, sabata yachiwiri wasiya. Mayi uja anaseka n'kunena kuti si Amalawi okha, ngakhale kunja osewera amathawa mafizo. Kenaka anatulutsa foni n'kutionetsa kanema wa zimene anzathu akuchita kumeneko, zimene amazitcha VR. Kuyambira tsiku limenelo bandulo yanga yambiri yathera pa nkhani imeneyi.

VR ndi njira yomulowetsa munthu m'dziko lopangidwa ndi kompyuta. Ena amavala chimagalasi chophimba maso onse, monga Quest ya kampani ya Meta, eni ake a Facebook yomwe tikuwerengerapoyi. Ukavala, chipinda chimasowa, umangoona uli pabwalo kapena pakamlatho kopapatiza, mipira ikubwera mbali zonse. Ena amagwiritsa ntchito zipangizo zamagemu wamba. Mu 2007 kampani ya Nintendo ya ku Japan inatulutsa Wii Fit, gemu yobwera ndi kathabwa koyera kooneka ngati sikelo, kokhala ndi zoyezera kulemera m'makona ake anayi. Ukaimapo n'kupendekera kumanzere, kamunthu ka pa TV nako kamapendekera kumanzere. Muli gemu ina yomenya mipira ndi mutu, koma pakati pa mipirayo amakuponyeranso nsapato zoti uzizinde. Ine wogulitsa nsapato ndinaseka mpaka misozi. Mu 2010 Microsoft inatulutsa Kinect, kamera yoona thupi lonse popanda kugwira kanthu. Zonsezi anapangira masewera a pabalaza, koma a mafizo anaziona n'kuzitengera kuchipatala.

Makinawa sasoka mnyewa wong'ambika, ndipo salowa m'malo mwa dokotala. Ntchito yake ili pena. Thupi limaima chilili podalira zinthu zitatu: maso, mkati mwa khutu, ndi uthenga wa m'mapazi uja. Wobinyabinya amayamba kudalira maso kwambiri, amayenda akuyang'ana pansi. Koma pabwalo maso amakhala pa mpira, phazi limatsala lokha. Gemu ija imalanda maso n'kuwapatsa ntchito ina, ndiye kakolo amakakamizika kuphunziranso kudzisamala yekha. Chachiwiri, mpira wa m'gemu sukuuza mbali imene ubwerere, chimodzimodzi mdani pabwalo. Chachitatu, makina amawerenga mapointi. Dzulo unapeza 40, lero 55, mawa ukufuna 60. Munthu amene akanathawa mafizo amapezeka akupempha kuti abwerezenso.

Ntchemberembaye ndi masewera ankhanza kwa akakolo. Lamulo limati ukagwira mpira, phazi limene wateralo usalikoke kapena kulinyamula n'kulipondetsanso usanaponye, ndipo uli ndi masekondi 3 okha. Ndiye mtsikana amathamanga liwiro lonse n'kuima nji pa phazi limodzi, nthawi zina n'kutera pa phazi la mnzake. Onjezani mabwalo athu a fumbi ndi maenje, ndi nsapato zimene ndimagulitsa inezi, zina zitadyeka kale mbali imodzi ndi mwini wake woyamba wa ku Ulaya.

Tonse timanyadira Mwai Kumwenda. Mu 2018 anavulala bondo koopsa akusewerera Melbourne Vixens ku Australia. Anabwerera pabwalo, ndipo mu 2020 timu yake itatenga chikho, iye ndi amene anasankhidwa kuti wasewera bwino koposa mu fainolo. Luso ndi lake, khama ndi lake. Koma analinso pamalo pamene kuvulala kwa wosewera amakutenga ngati ntchito ya miyezi, yokhala ndi anthu ake oiyang'anira. Ndi atsikana angati a luso ngati lake amene anathera pa "wangobinya basi" ku Mzimba, ku Ntcheu, ku Nsanje?

Chimagalasi chija mtengo wake ndi madola mazana angapo, mpamba wa benchi langa lonse, osanenanso za magetsi ozimazima. Sindingachigule. Koma nditamvetsa chimene chimachita, ndinaona kuti nzeru yake ilibe mtengo: landa maso, bweretsa zadzidzidzi, werenga mapointi. Ndipo nzeru imeneyi tinakula nayo. Phada ndi chiyani, ngati si kudumpha ndi mwendo umodzi maso ali pa kamwala? Fulaye ndi chiyani, ngati si kuzinda mpira wosadziwika kochokera?

Tinakafunsa mayi wa mafizo uja, iye anatiikira ndondomeko yoyambira pa zophweka. Madzulo ndikaweruka, mng'ono wanga amaima ndi mwendo wakumanja pa pilo wakale, ine n'kumamuponyera mpira, pena kumwamba, pena m'mbali, pena kumunamiza. Ana a pamalo pathu ndiwo amawerenga mokuwa, ndipo mapointi timalemba ndi khala pakhoma la bafa. Phada anamuloleza pa sabata yachinayi, kutupa ndi ululu zitatheratu. Tsiku lina anakwiya, akuti, "Achemwali, anzanga ali ku gemu, ine ndikusewera phada ndi ana a sitandade 2." Ndinamuyankha kuti, "Iwe, azungu akulipira madola kuti asewere phada wa m'magalasi, iwe ukumupeza ulere." Anaseka, n'kukwera pa pilo.

Pano akuima masekondi 25 atatsinzina. Mayi uja wati akafika pofanana ndi mwendo winawo, ndiponso akamadumpha n'kutera osaopa, abwerere pabwalo atamanga kakolo. Kusankha osewera atsopano kuli miyezi iwiri kutsogoloku.

Pagulu pano tilipo aphunzitsi, makolo, ndi ena oyendetsa matimu a m'madera. Mwana akabinya n'kulephera kuponda, kapena fupa likamapweteka mukalikhudza, pitani naye akamujambule. Akati fupa lili bwino, musabwerere pomwepo, funsani za mafizo. Ndipo musanamubwezere pabwalo, muimikeni pafupi ndi khoma, avule nsapato, atsinzine, ayese mwendo uwu ndi uwo. Mudzaona nokha ngati phazilo lakumbukira nthaka.