Ndowa yoyezera makompyuta

Ine ndimagulitsa nyemba ndi mpunga mumsika wa Kawale, ndipo ngati pali chinthu ndimachidziwa ndi ndowa. Ina imaoneka yaikulu, koma mukaitembenuza mupeza anaigogoda kunsi kuti muzilowa zochepa.

Mng'ono wanga atasankhidwa kupita ku Bunda, anati pakufunika laputopu. Mayi athu anatisiya kalekale, ndiye mayi ndine. Ndinatenga ngongole kubanki m'khonde n'kulowera m'tauni, kumashopu a makompyuta ogwiritsidwapo kale ntchito. Wogulitsa anandiyalira awiri. “Asisi, tengani iyi. Ndi i7, liwiro 2.7 GHz. Inayo ndi i5 chabe, 1.6.” Sukulu ndinalekezera Fomu 4, koma kuti 7 amaposa 5 ndimadziwa. Dzanja linali litalowa kale m'chikwama.

Mwayi wake ndinapita ndi mnyamata wa aneba, amene amakonza mavidiyo a maukwati ku Area 25. Anandinong'oneza: “Anti, dikirani kaye. Tiyeze.”

Anaika pulogalamu yotchedwa Geekbench m'makina onse awiri. Akuti zoterezi amazitcha benchmark: kompyuta iliyonse imapatsidwa ntchito yofanana, monga kupanikiza mafayilo ndi kukonza zithunzi, kenako imapatsidwa malikisi malinga ndi changu chake. Ndinangoti, basi ndi ndowa imodzi yoyezera aliyense! Malikisi ake amatuluka pawiri. Ena ndi a core imodzi ikugwira yokha, ena ndi a ma core onse pamodzi, ngati munthu mmodzi akupeta nyemba poyerekeza ndi banja lonse.

Zotsatira zinandizizira m'nkhongono. I5 ija inapambana mbali zonse, ndipo pa ma core onse inasiya inzake kutali. I7 inali ya 2011, i7-2620M, ya ma core awiri. I5 inali 8250U ya 2017, ya ma core anayi, ndipo 1.6 ija ndi poyambira chabe, ntchito ikakula imafika 3.4. Pa makina ngati awiriwa, nambala yoyamba pambuyo pa i5 kapena i7 ndiyo imanena m'badwo, koma pa kasitika kakutsogolo kaja amalemba i7 moonekera kuti maso athere pomwepo. Mnyamatayo anawonjeza kuti Windows 11 imafuna m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo, ndiye yakaleyo inali itatsala kale.

Anayezanso kachiwiri makina atatentha. Ya i7 inayamba kulira ngati chigayo, malikisi n'kutsika.

Ndinamufunsa za chimakina chake chachikulu cha kuntchito, chimene amachitcha workstation. Anati chili ndi purosesa ya Xeon ya ma core ambiri, pa vidiyo chimaposa malaputopu onsewa, koma pa core imodzi kusiyana kwake si kwenikweni. Nanga wolemba ma assignment chimenecho n'chachiyani? Komanso chilibe batire, magetsi akathima nacho chagona.

Wogulitsayo sindikumunena kuti ndi wakuba. Mwina nayenso anaoda poona 7 yemweyo. Koma ataona malikisi, mtengo wa i5 anaukweza pomwepo, tikuona! Tinanenerera mpaka anabwerera pa mtengo woyamba, n'kuikapo chikwama ngati basela.

Ngongole ija ndikubwezabe Lachisanu lililonse. Dzulo mng'ono wanga waimba kuchokera ku Bunda, akuti laputopu ili bwinobwino, koma chaja chayamba kuvuta.