Achimwene, ku Mulanje mubwere mu Meyi

Okondedwa Achimwene,

 

Uthenga wanu ndinaulandira, woti mukufuna kutenga tchuthi n'kubwera kuchokera ku Lilongwe ndi alamu kuti adzaone Mulanje ndi maso awo, osati pa kalendala ya kubanki. Mwati mtima wanu uli pa Khirisimasi, poti kuntchito kumakhala kotseka komanso m'thumba mumakhala muli kanthu. Pafoni ndinangoti tikambirana, chifukwa nkhaniyi si yokamba mayunitsi akutha. Ndiye ndati ndilembe, ndipo ndalemba poyera dala, poti funso lanuli amandifunsanso anzanga ambiri a kumtunda kwanuko. Yankho langa ndi ili: ngati chokubweretsani ndi phiri, bwerani mu Meyi. Mukafuna kudzadya nafe mpunga wa Khirisimasi, khomo ndi lotsekula, koma umenewo ndi ulendo wina.

Inu ndi ine tinakulira ku Kasungu, kumene mvula imabwera ndi mabingu masana, n'kukata, dzuwa n'kuwalanso. Kuno sizitero. Phirili linangodzuka lokha pakati pa chidikha. Boma lili pansi, pamtunda wa mamita pafupifupi 700 kuchokera pa nyanja yamchere. Madambo a pamwamba monga Chambe ndi Lichenya ali pafupi ndi mamita 2,000. Nsonga ya Sapitwa ili pa mamita 3,002. Mphepo yachinyontho yochokera ku Indian Ocean ikadutsa Mozambique imadzagunda khoma limeneli, imakwera, imazizira, n'kukhuthula madzi ake. N'chifukwa chake mbali ya kummwera, kumene kuli minda ya tiyi, malo ena amalandira mvula yopitirira mamilimita 2,000 pachaka, pomwe ku Phalombe, kuseri kwa phiri lomweli, imagwa yocheperako. Choncho mwezi umene musankhe ndi umene udzagamule ngati phirilo mudzaliona, kapena mudzangolozeredwa kuti lili paja pali mtambopo.

Tiyambe ndi Disembala wanuyo. Sindikana, nthawi imeneyo kuno kumakongola. Minda ya tiyi imabiriwira mochita kuthobwa m'maso, othyola ali balala ndi madengu kumsana, poti tiyi wambiri amathyoledwa m'miyezi ya mvula. Nanazi zimatchipa kuno pa Chitakale, mango ali mbwee, amayi akutsika ndi bowa m'mabeseni. Pamatanthwe a phiri pamatsetsereka mizere yoyera ya madzi, mathithi oti chilimwe simungawapeze. Koma walira mvula walira matope. Pamwamba pa phiri malo ambiri ndi thanthwe lokhalokha, ndipo thanthwe silimwa madzi. Mvula ikagwa ku Chambe, madzi onse amathamangira m'mitsinje nthawi yomweyo. Inu mutha kukhala kumunsi pa mtsinje wa Likhubula, dzuwa likuswa mtengo, mukuwolokera pamiyala madzi ali olekeza m'akakolo. Kenako mumangomva mkokomo kumtunda, madzi aja asanduka ofiira, akubwera ndi zinyalala ndi zipika, ndipo pamene munawolokera paja pasowa. Amene ali tsidya amadikirira komweko mpaka mtsinje utaphwa. Dziwe la Nkhalamba, limene alamu akulilakalakalo, lameza anthu angapo, ndipo masiku a zikondwerero ndi pamene pamadzaza khamu: achinyamata a kumpingo, magulu a kuntchito, ena atalawako kale. Malo ogona nawo amadzaza, mitengo n'kukwera. Ndalama ya m'thumba ija imathera pa chipinda choti mu Meyi mukanachipeza mosavuta.

Za Januwale mpaka Malichi ndiye musaziganizire n'komwe. Imeneyo ndi miyezi ya namondwe. Madzi osefukira a mu Januwale 2015, namondwe Idai mu Malichi 2019, namondwe Ana mu Januwale 2022, namondwe Freddy mu Malichi 2023: onsewa anatipeza m'miyezi yomweyi. Freddy anagumula mapiri, miyala yaikulu kuposa nyumba inatsikira m'midzi ya Mulanje ndi Phalombe, milatho inakokoloka, anthu mazanamazana anataya miyoyo m'chigawo chino. Akuluakulu a ku Phalombe amakumbukirabe napolo wa mu Malichi 1991. Si chaka chilichonse zimatero, koma munthu suika tchuthi chako ndi cha mkazi wako pa mwezi umene msewu utha kuduka uli tsidya lino.

Tsono mvula ikayamba kulekeza mu Epulo, zinthu zimatembenuka, ndipo Meyi akamalowa phiri limakhala pa ubwino wake wonse. Lili ngati peyala lopsa bwino: dzana linali lolimba, mkuja lidzakhala litafewa mopitirira. Madzi a dzinja akadalipo, mathithi akutsika mokwanira, koma mitsinje yasiya ukali. Udzu ukadali wobiriwira, njira zauma, ndere za pamiyala zayamba kufota moti phazi limagwira. Chachikulu ndi mlengalenga. Mvula imakhala itatsuka fumbi lonse, ndipo anthu sanayambe kutentha tchire. Mukadzuka mmawa pa Chitakale n'kuyang'ana kumtunda, phiri limaoneka ngati mutha kulikhudza: mng'alu uliwonse wa thanthwe, mtengo uliwonse wa m'makwawa. Pitani cha ku Likhubula madzulo mukaone khoma la Chambe, lija limatalika mamita pafupifupi 1,700, dzuwa likamaliwomba n'kulisandutsa lofiirira. Mukakwera pamwamba maso amafika kutali: Chiradzulu, mapiri a Blantyre, Zomba, ndipo mukakhala mbali ya kumpoto mumaona nyanja ya Chilwa ili mbee.

Thupi nalo limavomera. Kukwera kuchokera ku Likhubula kukafika kunyumba yogona ya pa Chambe ndi ulendo wa maola atatu kapena anayi, ndipo njira ya Skyline ndi chitunda chosapumitsa. Mu Meyi mumatuluka thukuta, koma kamphepo kamakupepesani. Usiku pamwamba kumazizira moti moto wa nkhuni umakoma, koma osati kuzizira kolowa m'mafupa. Udzudzu pansi pano umakhala utachepako poyerekeza ndi dzinja, ngakhale neti musaisiye. Komanso ndi masika. Pamsika pali mapeyala, nzimbe, mbatata, maungu, nthochi. Kamba wa paulendo simuchita kumusaka. Anthu akolola, nkhope zamasuka, ndipo anyamata operekeza alendo sakhala pa mpanipani wa kumunda.

Ndikudziwa kuti ena akuuzani kuti nyengo yabwino ndi Juni ndi Julayi. Azungu ambiri amabwera nthawi imeneyo, poti ndi pamene kwawo kuli tchuthi. Masiku ena amakhaladi okoma, kumwamba kuli mbee kuyambira mmawa mpaka madzulo. Ndi nthawinso imene kawirikawiri kumachitika Mount Mulanje Porters Race, mpikisano wothamanga kuchokera ku Likhubula, kukwera ku Chambe, kudutsa ku Lichenya n'kutsikanso. Njira yoti ife timaiyenda masiku awiri, akatswiri amaimaliza m'maola awiri ndi kanthu. Ngati mumakonda chikhamu ndi nthungululu, tsiku limenelo ndi lanu. Koma miyezi imeneyi ili ndi mwini wake, chiperoni. Mphepo yozizira yochokera kummwera chakummawa, mbali ya phiri la Chiperone ku Mozambique, imabwera ndi nkhungu ndi mvula yowaza, ndipo ikafika sifulumira kuchoka. Itha kukhala masiku atatu, mwina kupitirira. Zovala siziuma pachingwe, ana amapita kusukulu atakwinyata, ndipo phiri lonse limasowa ngati kulibe. Mukakhala pamwamba, munthu woyenda patsogolo panu masitepe khumi simumuona. Kumbukirani kuti mukakwera mamita 1,000 alionse kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6, ndiye kukamazizira pa boma, pa Lichenya udzu umadzuka uli mbuu ndi chisanu, madzi a m'ndowa akuluma zala. Mu Julayi 2009 mnyamata wina wa ku Brazil anasiya womuperekeza n'kupitirira yekha ku Sapitwa. Nyengo inasintha, ndipo mtembo wake unapezeka patapita masabata oposa awiri. Sindikukuopsezani, ndikungoti nyengo imene mabuku a alendo amaiyamikira nayonso ili ndi mano. Alamu, amene amavala juzi ngakhale ku Salima, chisanu cha pa Chambe mu Julayi angakuimbeni mlandu chaka chonse.

Ogasiti ndiye wachiwiri kwa Meyi. Chiperoni chimakhala chikuchepa, kuzizira kukufewa, njira zauma gwa, ndipo ana ali pa holide yaitali. Kumapeto kwake mitengo ya m'munsi mwa phiri imaphuka masamba atsopano ofiira, zokongola ndithu. Chimene mumataya ndi kubiriwira: udzu wayera, mathithi achepa, mphepo yayamba kunyamula fumbi. Mukafuna kubwera ndi ana, sankhani mwezi umenewu.

Seputembala ndi Okutobala ndi miyezi ya utsi. Anthu akusosa m'minda, osaka mbewa akutentha tchire, ndipo chifunga chimaphimba dziko lonse. Mutha kuvutika kukwera mpaka pamwamba n'kungoona mbuu, osazindikira ngakhale Chiradzulu. Usiku moto umaoneka ukuyenda m'mbali mwa phiri, ndipo moto umenewo, pamodzi ndi macheka a odula mitengo mozemba, ndi umene watha mkungudza wa Mulanje, mtengo wa fuko lathu umene mwachilengedwe sumera kwina kulikonse padziko. Mbande zimene a zankhalango ndi a Mulanje Mountain Conservation Trust akhala akubzala zimapsa m'miyezi yomweyi. Kutentha kwa Okutobala pansi pano si kwamasewera. Wokwera phiri ayenera kunyamuka kusanache. Komabe nyengoyi ili ndi zake. Madzi a m'maiwe amakhala odekha ndi oyera, ndiye wofuna kusambira amasangalala. Ndi mu Okutobala momwemo m'mene a Mulhako wa Alhomwe amasonkhana pa Chonde, tchopa n'kumveka kutali, kalongonda n'kudyedwa. Ngati chokubweretsani chikanakhala gule, ndikanakuuzani mwezi umenewu. Novembala ndi wosadalirika: chizimalupsa chikagwa kumwamba kumayerako, koma mabingu ndi mphenzi za masana pamwamba pa thanthwe si zocheza nazo.

Ndiye tipangane chonchi. Pa 14 Meyi ndi holide ya Kamuzu Day. Pemphani masiku ena oyandikana nayo kuti mukhale ndi sabata yathunthu. Pobwera, mukafika ku Limbe tengani msewu wa Midima, ndi wachidule, makilomita osapitirira 70. Pobwerera mudzadzere ku Thyolo kuti alamu akaone minda ya tiyi mbali zonse za msewu. Tsiku loyamba mudzapume, tidzayende m'minda ya tiyi madzulo. Lachiwiri tidzapite ku Likhubula, makilomita pafupifupi 10 kuchokera pa Chitakale, n'kuyenda ulendo wa ola limodzi kapena kupitirirako pang'ono kukafika pa Dziwe la Nkhalamba. Pamenepo mawondo anu adzatiuza zoona. Akavomera, lachitatu mudzakwere ku Chambe, mukagone, n'kutsika mawa lake kudzera njira ya Chapaluka. Za Sapitwa tisiyire ulendo wina; imafuna masiku atatu ndi miyendo yozolowera. Tsiku limodzi mulisiye lopanda pulogalamu, chifukwa chiperoni nthawi zina chimalawirira mu Meyi momwemo, ndipo chikabwera palibe kulimbana nacho, timangokhala pakhonde n'kumamwa tiyi.

Woperekeza mudzamutengere ku ofesi ya zankhalango pa Likhubula, osati aliyense wokuimitsani pamsewu, ndipo akanena kuti lero sitikwera, mudzamvere. Kunyumba zogona za pamwamba kuli alonda amene amathandiza ndi nkhuni ndi madzi, koma chakudya ndi zofunda mumanyamula nokha. Mubwere ndi majuzi, jekete yosalowa madzi, tochi, ndi nsapato zogwira pansi, osati zija mumavala ku ofesi. Mu Meyi dzuwa limalowa msanga, 6 koloko isanakwane kwada bii, choncho ulendo uliwonse tizidzauyamba mmamawa. Dziwaninso kuti chiyambire pamene UNESCO inaika phirili pa mndandanda wa malo a World Heritage mu Julayi 2025, dzina lake lamveka kutali, ndiye malo ogona ndi bwino kusungitsiratu.

Mundiyankhe Malichi asanathe kuti ndiyambe kufunsa za chipinda ndi woperekeza. Ana muwasiye kwa azakhali awo konko ku Lilongwe, poti sukulu idzakhala ili mkati. Awo tidzawaitana mu Ogasiti. Mupereke moni kwa alamu, ndipo muwauze kuti ayambiretu kuyenda wapansi madzulo, chifukwa chitunda cha Skyline sichidziwa kuti munthu ndi mlendo.

Ndine mlongo wanu,
wa ku Chitakale, Mulanje