Denga la Galimoto la Asilikali

M'mudzi wina wa m'dziko la Mfumu Ndake, kufupi ndi Nyimba, muli mkulu wina amene anali msilikali woyendetsa magalimoto. Analowa usilikali dziko la Zambia litangolandira ufulu mu 1964, ndipo pamene nkhondo ya ku Mozambique inasefukira kuno, anthu othawa nakhazikidwa ku Ukwimi m'boma la Petauke kuyambira 1987, iye anali kuyenda usana ndi usiku m'miseu ya kumalire. Atapuma nchito anagula galimoto lotha la asilikali, Land Rover ya mtundu wa Series III, imene Angerezi anali kupanga ku Solihull kuyambira 1971 kufikira 1985. Thupi la galimoto lotere ndi la aluminiyamu, citsulo cosagwira dzimbiri, cifukwa cace likhalitsa. Koma denga lace ndi la lona, ndipo lona ndi thonje basi, limene dzuwa la ku cigwa ca Luangwa silimvera cisoni.

Galimoto limeneli ndilo miyendo ya mudzi wonse. Ndilo litenga odwala usiku kunka nawo ku cipatala ca Minga, ndilonso libweretsa mbeu ndi feteleza kucokera ku Petauke mvula ikayandikira. Tsono m'mwezi wa October 2019 kamvulumvulu anapita pabwalo, nalowa pansi pa lona lija, naling'amba kuyambira kutsogolo kufikira kumbuyo, napindanso zitsulo ziwiri zolicirikiza. Feteleza akanyowa asanduka mwala. Aliyense m'mudzimo anadziwa tanthauzo la kung'ambika kumeneku.

Mkuluyo anali ndi mdzukulu, mnyamata wongotsiriza kumene sukulu, wocenjera pa masamu ndiponso wofulumira m'zonse. Iye anati, "Agogo, tiyeni titenthe nsanzazi, tigule pulasitiki ya buluu timange ndi mphira." Nkhalamba inayankha niti, "Iwe, pulasitiki ikupiza ndi mphepo ngati mbendera, siifika ndi pa Khirisimasi pomwe. Tola nsanza zonse, usasiye ndi kamodzi komwe." Cidutswa cina cinali citapita kale kwa agogo akazi, amene anayanikapo ufa, ndipo kucibweza kunafuna mau ambiri ofatsa.

Anapita nazo zitsulo zija kwa woocerera wa pa Nyimba, pafupi ndi amai ogulitsa nthoci m'mbali mwa mseu waukuru wa Great East, naziongola. Pambuyo pace anagula lona la lole lakale koma lolimba, ndi ndalama zimene anthu a m'mudzi anasonkha.

Apa ndipo panacitika colakwa. Tsiku lina nkhalamba ili ku maliro, mnyamata anatenga tepi, nayesa galimoto mosamala ndithu, nalemba manambala m'kabuku, nadula cidutswa cacikuru ca pamwamba. Sanalakwe muyeso ngakhale pang'ono. Koma lona lija linali la fumbi, ndipo atalicapa, naliyanika, anapeza kuti lafupika monga cikhato ca dzanja, losafikanso pa ngowe zomangirira zingwe. Nsalu ya thonje ikanyowa ulusi wace utupa, nsaluyo nikhwinyata. Buku la masamu silinamuuze zimenezi. Nkhalamba pobwera inayang'ana nthawi yaitali osanena kanthu, ndipo kukhala cete kumeneko kunam'pweteka mnyamata koposa ndodo. Potsiriza inati, "Cimeneci cikhala ca m'mbali. Bwera nazo nsanza zija."

Anakhala pansi pa mtengo wa mango masiku awiri, alikusula msoko uli wonse wa denga lakale ndi kampeni. Pamenepo mnyamata anaona cimene tepi sikadamuonetsa: kuti denga silinali nsalu imodzi ai, koma zidutswa zambiri, zina zokhota pa ngondya, zina zopindidwa kawiri pamene zikhudzana ndi citsulo, ndi timatumba topitamo cingwe. Anthu amene analisoka kutali ku England anasiya nzeru zao zonse m'misoko imeneyo. Ananyika lona lotsala mumtsinje, naliumitsa, nayala cidutswa cakale ciri conse pamwamba pace, nalemba ndi khala, nasiya malo a zala ziwiri a msoko.

Kusoka kunacitika ku Petauke, kwa telala wokonza mipando ya magalimoto, amene makina ace apyoza nsalu yokhuthala. Nkhalamba inaima pambali pace tsiku lonse, kosacoka ngakhale kukadya nsima, cifukwa inafuna cinthu cimodzi: kuti pa msoko uli wonse nsalu ya pamwamba ivundikire ya pansi, monga udzu wofolera nyumba, kuti madzi atsetsereke osapeza polowera. Telala anang'ung'udza kuti aphunzitsidwa nchito yace ndi mlendo, komabe anacita comweco. Pa ngondya, pamene makina analephera, mnyamata anasoka ndi manja ndi singano yosokera matumba, ulusi wace ataupaka phula la njuci. Zala zace zinatuluka matuza, koma sanawaonetse kwa munthu.

Mtundu wa denga latsopano sunafanane ndi wa asilikali uja wobiriwira. Linali lotuwa, ndi zilembo za mwini lole wakale zooneka cozondoka kumbali imodzi, ndipo ana a m'mudzi anaseka. Nkhalamba inadandaula ndi mtunduwo koposa momwe inafunira kubvomera.

Cakumapeto kwa November anacoka ku Petauke madzulo ndi matumba a feteleza, mnyamata atakhala kumbuyo pamwamba pa katundu. Atapitirira mphambano ya ku Minga kunada bii, mvula nigwa yamphamvu. Madontho anayamba kulowa pa msoko wa kumanzere, mnyamata nacinga ndi cipewa cace, mtima uli m'mwamba. Patapita kanthawi ulusi unatupa, mabowo a singano natsekeka, kudontha nikuleka, kupatula pa ngondya imodzi imene iye mwini anasoka.

"Kuli bwanji kumbuyoko?" inafuula nkhalamba.

"Kwauma, agogo, koma pamodzi pokha."

"Lembapo ndi khala, mawa upakepo phula."

M'mawa mwace, atatha kupaka, mnyamata anapinda zidutswa za denga lakale, nazimanga ndi luzi, nazipacika kudenga la nkhokwe kumene ciswe sicifika.